Mwana wanga ku Pune akufuna kukathandiza kumtsinje pa chikondwerero cha Ganesh

"Zikomo bambo. Ndine mayi wa ku Salima. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 20 anapita kukaphunzira ku Pune, m'dziko la India, chaka chatha. Masiku ano tikamalankhulana pa WhatsApp nkhani yake imangokhala ya chikondwerero cha Ganesh chimene chikubwera. Akuti anzake amupempha kuti adzawathandize kumtsinje tsiku lokamiza chifanizo cha mulungu wawo, poti iyeyo anakulira kunyanja ndipo kusambira amakudziwa. Anandiuzanso akuseka kuti ku India munthu ukapulumutsa anzako umalandira mendulo kwa pulezidenti. Ife ndife Akhristu. Kodi mendulo zimenezi n'zachipembedzo chawo? Kodi mwanayu sakulowa m'zinthu zimene sakuzidziwa? Tulo sindikutiona."

Mayi, poyamba khazikitsani mtima pansi. Ndinakhala ku India zaka zambiri, kuyambira ndili wophunzira mpaka pamene ndinayamba kuthandiza ana akwathu amene amapita kumeneko kukachita maphunziro. Ana amene ankandidetsa nkhawa kwambiri ndi aja odzitsekera m'chipinda, osadziwa ngakhale dzina la woyandikana naye nyumba. Wanuyu ali ndi anzake amene amuitana ku chikondwerero chawo, ndiye kuti amulandira, ndipo iye wakuuzani inu mayi ake osabisa. Zonsezi n'zabwino. Koma m'kalata mwanu mwasakanikirana nkhani ya mendulo, ya chipembedzo ndi ya madzi, ndipo imene ikanandisowetsa tulo ine ndi ya madziyi.

Tiyambe ndi mendulo poti ndi yosavuta. Mendulo za kulimba mtima ku India ndi za boma. Sizichokera kukachisi ndipo palibe wansembe amene amasankha woti alandire. Mayina a asilikali ndi ena olandira amalengezedwa kawiri pa chaka: pa 26 Januwale, tsiku limene malamulo aakulu a dzikolo anayamba kugwira ntchito mu 1950, ndi pa 15 Ogasiti, tsiku limene analandira ufulu kwa Angerezi mu 1947. Masiku awiriwa si a chipembedzo chilichonse. Za pankhondo zilipo zitatu, Param Vir Chakra imene ndi yaikulu koposa, kenako Maha Vir Chakra ndi Vir Chakra. Za nthawi ya mtendere, zimene ngakhale munthu wamba angalandire, ndi Ashoka Chakra, Kirti Chakra ndi Shaurya Chakra. Palinso Jeevan Raksha Padak, imene inakhazikitsidwa mu 1961, ya anthu opulumutsa anzawo pamadzi, pamoto ndi pa ngozi zina zotere. Ndikuganiza kuti anzake a mwana wanu ankanena imeneyi.

Anthu amene analandirapo Param Vir Chakra ndi 21 okha. Mukawerenga mayina awo mupeza zipembedzo zosiyanasiyana. Woyamba anali Major Somnath Sharma, Mhindu, amene anafa pa 3 Novembala 1947 akuteteza njira yolowera ku bwalo la ndege la Srinagar. Abdul Hamid anali Msilamu, anafa mu 1965 akuphulitsa akasinja a adani. Albert Ekka anali Mkhristu ngati inuyo, anafa pa nkhondo ya mu 1971. Bana Singh ndi wa chipembedzo cha Sikh, anamenya nkhondo m'mapiri a madzi oundana a Siachen mu 1987. Palibe mmodzi wa iwowa amene anafunsidwa kumene amapemphera.

Sindikubisirani kuti chikhalidwe cha Chihindu chimaonekerabe pa zinthu za boma, ndipo sizingalephere m'dziko limene anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse ndi Ahindu malinga ndi kalembera wa mu 2011. Pa Param Vir Chakra anazokotapo zifanizo zinayi za vajra, chida cha mphezi cha mulungu wawo Indra. Nkhani yawo imati munthu woyera dzina lake Dadhichi anapereka moyo wake kuti mafupa ake apangidwe chida chogonjetsera chiwanda, ndiye chizindikirocho chimanena za kudzipereka chifukwa cha anthu ena. Amene anajambula mendulo imeneyi ndi mayi wobadwira ku Switzerland, Savitri Khanolkar, yemwe anakwatiwa ndi msilikali wa ku India. Kuyambira 2014 nduna yaikulu Narendra Modi imakonda kukakhala ndi asilikali pa Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, ndipo pa Raksha Bandhan, tsiku limene atsikana amamanga kaulusi pa dzanja la alongo awo, ana asukulu amakamanganso asilikali. Zoterezi n'zimene zimasokoneza mlendo, n'kumaona ngati mendulo ndi mapemphero n'chinthu chimodzi.

Pamene nkhani ziwirizi zinakumanadi ndi pa mphoto za ana. Pa 2 Okutobala 1957, ku bwalo la Ramlila ku Delhi kunali sewero la moyo wa Rama, mmodzi wa milungu ya Ahindu, limene limachitika m'masiku a chikondwerero cha Dussehra, ndipo nduna yaikulu Jawaharlal Nehru inali pomwepo kuonerera. Mawaya a magetsi anagundana, tenti yaikulu mmene munadzaza anthu n'kugwira moto. Mnyamata wa zaka 14 wa gulu la Scout, Harish Chandra Mehra, anasolola mpeni wake n'kung'amba nsalu yoyakayo, ndipo anthu mazanamazana anapulumuka. Nehru analamula kuti pakhale mphoto ya ana olimba mtima, ndipo yoyamba anaipereka pa 4 Febuluwale 1958. Bungwe la Indian Council for Child Welfare ndi limene linayendetsa ntchitoyi kwa zaka zambiri. Mu 1978 anawonjezera mphoto ziwiri zokumbukira Geeta ndi Sanjay Chopra, mtsikana ndi mlongo wake amene anaphedwa ku Delhi akulimbana ndi anthu owaba. Kale ana opambanawo ankakwera njovu pa perete wa pa 26 Januwale, pambuyo pake anayamba kuwakweza magalimoto otsegula pamwamba. Kuyambira 2019 boma limapereka mphoto yakeyake yotchedwa Pradhan Mantri Rashtriya Bal Puraskar, ndipo kulimba mtima ndi gawo limodzi mwa magawo ake. Imeneyi ndi ya ana osapitirira zaka 18 omwe ndi nzika za India. Wanuyo ali ndi zaka 20 ndi pasipoti ya Malawi, choncho mphoto za ana aziiwale.

Chimene ndikufuna mumuuze, ngakhale ananena moseka, ndi ichi: mwa anthu 21 aja, 14 analandira mendulo atamwalira. Neerja Bhanot, mtsikana wogwira ntchito m'ndege amene anapulumutsa anthu pamene zigawenga zinalanda ndege ku Karachi pa 5 Sepitembala 1986, anapatsidwa Ashoka Chakra atafa ali ndi zaka 22. Ndinaonerapo mwambo wopereka mendulo imeneyi pa perete wa ku Delhi. Ng'oma zimaleka, wolengeza amawerenga pang'onopang'ono zimene munthuyo anachita, ndipo amene amakwera masitepe kupita kwa pulezidenti nthawi zambiri amakhala mkazi wamasiye kapena mayi wokalamba, atafunda nsalu kumutu, msilikali akumulondolera poponda. Amalandira mendulo ndi chikalata m'manja onse awiri, n'kuima pamenepo milomo ikunjenjemera mpaka atamutembenuza kuti atsike. Ndimawalemekeza kwambiri anthu amenewa, ndipo Amwenye amachita bwino kuwakumbukira. Koma palibe mmodzi wa iwo amene anadzuka m'mawa kukafunafuna ngozi. Ngoziyo inawapeza ali pa ntchito yawo.

Tsopano chikondwererocho. Ganesh ndi mulungu wa mutu wa njovu amene Ahindu amakhulupirira kuti amachotsa zopinga panjira, ndipo Pune ndiye kwawo kwa chikondwerero chake. Kumeneko ndi kumene Bal Gangadhar Tilak, mmodzi wa omenyera ufulu, anachitulutsa m'nyumba mu 1893 kuti chikhale cha pagulu, pofuna kusonkhanitsa anthu m'nthawi ya atsamunda. Chimachitika mu Ogasiti kapena Sepitembala, tsiku lake limasintha chaka ndi chaka poti amatsatira mwezi wakumwamba, ndipo chimatha masiku 10. Mabanja amaika chifanizo chaching'ono m'nyumba, magulu a m'madera amaika zikuluzikulu m'misasa yokongoletsedwa m'mbali mwa misewu. Tsiku lomaliza, Anant Chaturdashi, amanyamula zifanizozo ndi ng'oma za dhol kupita nazo kumadzi. Ku Pune chigulu chachikulu chodutsa mu Laxmi Road chimatha kuyenda usana ndi usiku mpaka kukacha tsiku linalo. Ndikunena zoona, n'zokongola, ndipo mwana amene wakhala ku Pune osaziona ndiye kuti mzindawo sanaudziwe.

Pa za chikhulupiriro, maganizo anga ndi akuti apite ngati mlendo, monga mmene inu mumapitira kwa anansi anu Achisilamu ku Salima pa Idi kukadya nawo mpunga osasiya Chikhristu chanu. Akalowa m'nyumba ya mnzake adzavula nsapato pakhomo. Madzulo banja limaima kutsogolo kwa chifanizo, kuimba n'kumaomba m'manja, wina akuzunguliza mbale yokhala ndi nyali yoyaka. Mwambo umenewu amati aarti. Akamaliza mbaleyo imadutsa kwa aliyense, munthu amayendetsa manja pamwamba pa lawi n'kudzigwira kumaso. Kenako amagawa modak, timakeke ta ufa wa mpunga tokhala ndi kokonati ndi shuga wa nzimbe m'kati, tomwe amayamba atipereka kaye kwa Ganesh. Ena amafunanso kukupaka kadontho kofiira pamphumi. Pa zonsezi mwana wanu ali ndi ufulu wobwerera m'mbuyo pang'ono, kuphatikiza manja pachifuwa mwaulemu n'kunena kuti ndine Mkhristu, ndangobwera kudzasangalala nanu. M'mabanja amene ndinalowamo sindinaonepo wokwiya ndi yankho limeneli. Ahindu kawirikawiri sakhala ndi mtima wokopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo, amangofuna mlendo adye akhute. Chimene chimawapweteka n'kuseka chifanizocho, kuchiloza ndi phazi, kapena kuyamba kuwalalikira m'nyumba mwawo tsiku la chikondwerero. Kwa eni kulibe mkuwe. Za chakudya choperekedwa kwa mulungu wawo, Akhristu amasiyana maganizo, ena amadya ena sadya, ndipo apa ndi pamene inu, mwanayo ndi abusa anu muyenera kukambirana tsikulo lisanafike, kuti asadzaganizire mbale ili kale m'manja.

Koma dziwani kuti kunyamula chifanizo n'kulowa nacho m'madzi, kumene amati visarjan, si ntchito wamba yonyamula katundu. Ndi mbali ya mapemphero enieni, kutsanzikana ndi mulungu wawo mpaka chaka chamawa. Choncho ngati funso lanu lili loti malire ali pati, ine ndinganene kuti ali m'mphepete mwa madzi. Ndipo ngakhale munthu wosapemphera ndikanamuuza chimodzimodzi, chifukwa cha madziwo.

Mwana wa ku Salima amadziwa nyanja. Amadziwa pamene mchenga ukuthera, amadziwa kuti mwera ukayamba atuluke. Mtsinje wa Mutha umene umadutsa mu Pune sakuudziwa ngakhale pang'ono. Chikondwererochi chimabwera kumapeto kwa dzinja lawo, mitsinje ili yodzaza, ndipo kumtunda kuli damu la Khadakwasla limene akatsegula zitseko zake madzi amakwera ndi kuthamanga mofulumira. Madziwo ndi akuda, pansi sipaoneka. Pansipo pali matope omata miyendo, nsungwi, mawaya ndi zitsulo za zifanizo zimene zinamizidwa kale, nsalu ndi nkhata za maluwa zokola mapazi. Masitepe otsikira kumadzi amaterera. Nthawi zambiri kumakhala kutada, ng'oma zikulira mwakuti ngakhale munthu atakuwa bwanji samveka, ndipo ena mwa anyamatawo amakhala atamwa. Chifanizo chachikulu chikapendekeka chimagwera amene ali mmunsi. Chaka chilichonse nyuzi za m'chigawo cha Maharashtra, mmene muli Pune, zimalemba za anthu omira pa tsikuli, ndipo ambiri amakhala anyamata a msinkhu wa mwana wanu.

Chinanso chimene odziwa kusambira ambiri sachidziwa n'chakuti kusambira ndi kupulumutsa womira ndi maluso awiri. Munthu amene akumira saganiza. Amakukwera pamutu, kukukolowola khosi ndi mphamvu zimene simungaziyembekezere, ndipo ngati sunaphunzire kumufikira chakumbuyo mumamira nonse awiri. Chimene chikundidetsa nkhawa pa pempho la anzakewo n'chakuti amuika kukhala chitetezo chawo. Akadziwa kuti pali mnyamata wa kunyanja, adzalowa mozama kuposa mmene akanalowera, ndipo wina akaterereka maso onse adzakhala pa iye. Mwana wabwino sangaime kuonerera, adzadumphira. Ndi bwino awauze lero lomwe kuti ine m'madzi sindilowa. Akuluakulu a mzinda wa Pune amaika anthu ophunzitsidwa kupulumutsa ndiponso ozimitsa moto pa madooko omizirapo zifanizo, komanso amakonza matanki a madzi m'madera kuti mabanja amize zifanizo zawo osapita kumtsinje. Ngati akufunadi kuthandiza anzakewo, awalimbikitse kupita ku thanki kapena ku dooko kumene kuli anthu amenewa. Wina akagwera m'madzi iye akuona, akuwe, aitane opulumutsawo, aponye chingwe, nsungwi yaitali kapena chigubu chopanda kanthu chotseka, iyeyo mapazi ali pouma. Nambala ya ngozi ku India ndi 112. Ndipo ngati mtima wofuna kupulumutsa anthu ali nawodi, umenewo ndi mtima wabwino, musauzimitse. Akalembetse maphunziro a chithandizo choyamba ku Red Cross ya kumeneko, aphunzire kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Harish uja anatha kuthandiza chifukwa anali wophunzitsidwa ndipo chida anali nacho m'thumba.

Ngozi ina ndi khamu lenilenilo. Pa 19 Okutobala 2018 ku Amritsar anthu anaima pa njanji kuonerera chifanizo cha Ravana, mdani wa Rama uja, chikuwotchedwa pa Dussehra. Phokoso la makombola linaphimba kulira kwa sitima, ndipo anthu pafupifupi 60 anafa. Pa 29 Januwale 2025, pa Kumbh Mela, msonkhano waukulu wa Ahindu wosamba m'mitsinje yopatulika, ku Prayagraj, anthu osachepera 30 anafa popondana usiku akuthamangira kukasamba mumtsinje. Mu Epulo 2016 ku kachisi wina ku Kollam, m'chigawo cha Kerala, makombola anaphulika pamodzi n'kupha anthu oposa 100. Sindikukuopsezani, anthu mamiliyoni amapita ku zikondwererozi n'kubwerako bwinobwino. Koma mwana wanu aphunzire kuwerenga khamu. Akafika pamalo ayambe waona kotulukira. Apewe milatho, timisewu topanikiza ndi njanji. Asayende pafupi ndi ngolo zonyamula zifanizo zazitali, poti zimakhudza mawaya a magetsi. Akaona kuti sakuthanso kukweza mkono chifukwa cha kuthinana, nthawi yochoka yakwana: aike manja pachifuwa kuti apeze mpata wopumira, aziyenda cham'mbali motsatira kumene khamu likulowera, osalimbana nalo. Foni ikagwa aisiye, kuwerama m'khamu lotere ndi kumene kumagwetsa anthu. Avale nsapato zomanga, osati masilipasi.

Ndinenenso chimene ena amachita nacho manyazi. Mwana wakuda amaonekera patali ku India. Ambiri amangofuna kujambulitsa naye, koma khamu likakwiya mlendo ndi amene amalozedwa msanga. Mu Malichi 2017 ku Greater Noida, pafupi ndi Delhi, ophunzira a ku Nigeria anamenyedwa ndi gulu la anthu chifukwa cha mphekesera. Sizinali pa chikondwerero, koma phunziro lake ndi lomwelo: akamva nyimbo zasanduka mawu okuwizana, kapena akaona miyala yayamba kuuluka, asafunse kuti chachitika n'chiyani, achoke. Aziyenda ndi anzake a kumeneko amene amawadziwa bwino, ndipo abwerere kunyumba usiku usanakule.

Zikondwerero zina zidzabwera motsatizana. Diwali, mu Okutobala kapena Novembala, ndi ya nyali zadothi, maswiti ndi kuchezerana m'mabanja, ndipo ndi imene ndimaikonda koposa. Vuto lake ndi makombola ndi utsi, ngati ali ndi mphumu asunge mankhwala pafupi ndipo asavale zovala za nayiloni pafupi ndi moto. Holi, cha mu Malichi, ndi yothirana ufa wa mitundumitundu. Ateteze maso, ndipo asamwe chakumwa cha mkaka chotchedwa thandai asanafunse ngati muli bhang, amene ndi masamba a chamba opera. Ana athu ena anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha kapu imodzi imene ankaiyesa mkaka wamba. Chamba chosuta n'choletsedwa ndi lamulo la mu 1985, ndipo mlendo akagwidwa nacho maphunziro amathera pomwepo.

Pomaliza, za nthawi yofuna thandizo. Ngati atamwa madzi a mumtsinje kapena kumira pang'ono n'kuvuulidwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akudzimva bwino, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyamba kuvuta patapita maola. Kutsokomola kosaleka, kubanika, kutentha thupi kapena kutsegula m'mimba m'masiku otsatira, asadikire. Chimodzimodzi akapsa ndi makombola, kapena diso likapitiriza kufiira atalitsuka ndi madzi oyera. Mufunseni panopa ngati inshuwalansi yake ya chipatala ikugwira ntchito komanso ngati mapepala ake okhalira m'dzikomo ali m'malo. Mukaona kuti anzakewo akumukakamiza, kumunyoza kuti ndi wamantha, kapena kumuumiriza kuchita mwambo umene wakana, akauze ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa sukulu yake, ndipo afunefune gulu la ophunzira Achimalawi kapena a ku Africa mumzindamo, komanso tchalitchi chimene angamapiteko. Akhristu ku Pune alipo ndipo matchalitchi ndi ambiri.

Pa tsiku lomizalo foni ikhoza osagwira kwa maola angapo chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, choncho musafulumire kulira. Gwirizanani nthawi yoti akuimbireni, mukukumbukira kuti India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka: 9 koloko usiku kumeneko ndi 5:30 madzulo ku Salima. Akupatseniretu manambala a anzake awiri amene adzakhale nawo ndi ya woyang'anira nyumba imene amagona. Nthawi ikadutsa osamveka, yambani ndi amenewa. Kukacha asakupezekabe, imbani ku ofesi ya sukulu ija, kenako ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku New Delhi, ndipo mukhale ndi nambala ya pasipoti yake ndi dzina la dera limene amakhala zolembedwa papepala.